Tsiku Limene Eness Anatsitsa Mitengo

Shopu ya Eness ndi mwamuna wake Stanford inali pafupi ndi depoti ya mabasi ku Mzuzu. Ankagulitsa matepi a vidiyo, mabatire, ndi timagemu ta m'manja timene Stanford ankakapikula ku Dar es Salaam. Ana a ku Katoto ankatisirira pagalasi, koma makolo awo ankangofunsa mtengo n'kumapita.

Chakumapeto kwa 1991 katundu watsopano anali m'njira, ndiye Eness anaganiza zochotsa wakale. Anatenga timagemu tonse tokhalitsa pashelefu, n'kutiyala patebulo pakhonde, mtengo ataudula pakati. Tokalika pagalasi anatitsitsa kwambiri, n'kumawonjezerapo mabatire aulere. Pofika masana pakhondepo panali podzaza anthu.

Tsidya la msewu kunali shopu ya Jasper, mkulu wake wa Stanford, wogulitsa katundu yemweyo. Abalewa anali atapangana kuti mitengo yawo izifanana. Eness anakumbutsa mwamuna wake zimenezi m'mawa, koma Stanford anati akawauza akuluwo madzulo.

Jasper sanadikire madzulo. Eness anamuona akudumpha msewu, m'manja muli chitsulo chotsekera chitseko. Makasitomala anapatuka.

"Alamu, mwandivula chomene pamaso pa anthu," anatero motsitsa mawu.

Eness anayamba kufotokoza kuti ndi katundu wakale chabe, koma chitsulo chinali chitagwera kale patebulo. Timagemu tinamwazika, Jasper n'kumatiponda ndi nsapato. Eness atamugwira malaya, Jasper anamumenya pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. Eness anagwera muzidutswa za pulasitiki, akulavula magazi pamodzi ndi dzino.

Stanford anatulukira kuchipinda chosungira katundu n'kumudumphira mkulu wake. Anagubuduzana mpaka m'kati mwa shopu. Jasper anamuluma khutu, osalisiya mpaka linang'ambika. Pamenepo Stanford anamugwira pakhosi n'kumenyetsa nkhope yake pakauntala yagalasi. Galasi linaphwanyika, koma iye anamenyetsanso. Eness ankamukoka lamba akumuchonderera m'Chitumbuka, iye osamva. Anasiya yekha ataona kuti mkulu wake waleka kulimbana.

Anyamata ofunsa makhadi a chipani pageti la msika anafika akuthamanga ndi zibonga. Sanafunse kuti wayamba ndani. Anamukhapa Stanford m'nthiti ndi m'mawondo, n'kumukokera kupolisi ngati thumba. Jasper anthu anamunyamulira pagalimoto ya munthu wodutsa, nkhope itakulungidwa ndi chitenje cha Eness.

Diso lakumanzere la Jasper silinapulumuke, ndipo Stanford anagamulidwa kukakhala kundende. Apongozi ake a Eness anabwera kuchokera ku Nkhata Bay, n'kunena pagulu la abale kuti mkazi wobwera wawadanitsira ana. Eness, milomo idakali yotupa, mumtima ankaona kuti akanatha kudikira tsiku limodzi.

Lamlungu lina atatuluka kutchalitchi anapita ku Masasa kukamuona Jasper. Mabel, mkazi wake, anamulandira pakhomo n'kumuuza kuti odwala sakufuna alendo. Komabe analandira nthochi zimene Eness anabweretsa, nathokoza kuti yewo, kenako anamuperekeza mpaka pamsewu akumufunsa za masiku okaona akaidi kundende kumene kunali Stanford.