Matailosi Oonerapo Nkhope

Mayi a mapasa anadziwiratu kuti zavuta pamene amuna awo anaima pa tailosi loyera mbee m'sitolo muja n'kuyamba kukonza kolala ya shati. Munthu wamkulu ndi ndevu zake, kudziyang'anira pansi ngati pa galasi.

Nyumba yawo yatsopano inali itatha, kungotsala pansi. Ana analipo atatu: mapasa a zaka zinayi, amene ntchito yawo inali kutaya madzi ndi kukwekweza mipando, ndi kachitsiriza kakakazi, kamene sabata yomweyo kanali katayamba kuponya mapazi awiri atatu kasanakhale pansi.

Mmisiri amene anapita naye anali ndi kayesedwe kake. Anatulutsa botolo la madzi, n'kudontheza pa matailosi awiri, kenako anavula nsapato n'kupondapo ndi sokosi. Pa lotuwa lokhakhala phazi linagwira nganganga. Pa loyeralo anatsetsereka mpaka kugwira shelefu.

"Mwaona, bwana?" anatero mmisiriyo. "Loyerali ndi la muofesi. M'nyumba ya ana ikani lokhakhalali. Siliterera, ndipo likakandika silioneka."

"Lotuwalo? Nyumba yanga ikhale ngati garaja? Achimwene akabwera aziti chiyani?"

Nkhani yonse inali pamenepo. Achimwene awowo anali ndi balaza lonyezimira, koma ana awo anakula kalekale, zimene bamboyo sanafune kuzikumbukira.

"Bambo a mapasa, mwanayu akuphunzira kuyenda," anatero mayiwo.

"Aphunzira pomwepo. Inu za nyumba mumazidziwa?"

Eti mayi amene amakolopa katatu pa tsiku sankazidziwa za nyumba. Mmisiri anavala nsapato yake n'kung'ung'udza kuti chikomekome cha mkuyu, koma sanamalize. Ntchito ndi ntchito.

Matailosi anaikidwa, ndipo kunyezimira ankanyezimiradi. Panabweranso malamulo. Kapu isalowe pabalaza. Mpando usakokedwe. Bamboyo, amene chikwatirire sanagwirepo chokolopera, ankati akaweruka kuntchito n'kugwada ndi kansanza kufufuta zidindo za timapazi. Ha, chikondi chimenechi akanachionetsako kwa anthu.

Tsiku lachitatu chilowereni m'nyumbamo, mmodzi wa mapasa anadutsa ndi kapu n'kudontheza madzi, monga mwana aliyense pa dziko lapansi. Madzi pa tailosi loyera saoneka. Kachitsiriza kanadzuka, kanaponya phazi limodzi, lachiwiri, basi chagada, nkhongo pansi phi.

Chotupa chinaphwa pa masiku anayi. Mantha ndiwo sanaphwe. Mwana uja anasiyiratu kuimirira. Ukamugwira m'khwapa kuti aponde, ankapinda miyendo n'kulira mokuwa. Sabata ziwiri zinatha akungokwawa, ndipo mayi ake zinkawadya mumtima.

"Ndi ulesi chabe," anatero bamboyo. "Watengera kwanu."

Mawu amenewo ndi amene anamaliza zonse. Loweruka, tsiku limene achimwene aja ankabwera kudzaona nyumba, bamboyo atapita kukawachingamira, mayiwo anazungulira kuseri kumene kunaunjikidwa makatoni a matailosi. Anawang'amba ndi mpeni, anawayala kuyambira pakhomo la khitchini mpaka pakhomo lalikulu, n'kuwamata ndi tepi. Pabalaza ponse panasanduka bulauni.

Mwana uja anakwawirapo, anasisita katoni ndi kachikhatho, n'kumenyapo kawiri. Kenako anagwira mwendo wa tebulo.

Chitseko chitatseguka, bamboyo analowa akuseka, dzanja lili kale m'mwamba kuti aloze pansi. Ataona makatoni aja, kuseka kunatha. Asanapeze mawu okalipira, kachitsiriza kanasiya tebulo. Phazi limodzi, lachiwiri, lachitatu, kakudzandira, mpaka asanu ndi awiri, n'kukakumbatira buluku la bambo ake.

"Koma ndiye kapeti yamakono," anatero achimwene aja, akuponda mosamala. "Nanga matailosi munkatiimbira foni usana ndi usiku aja ali kuti?"

"Alipo, alamu, tikuwasunga," anayankha mayi a mapasa. "Mukafuna kuwaona, chithunzi chake ndi icho pa katonipo."

Bamboyo anamunyamula mwana uja. Dzanja lawo linafika pankhongo, pamene panali chotupa, ndipo linakhala pomwepo. Anayang'ana pansi nthawi yaitali. Pa katoni sipaoneka nkhope, ndipo tsiku limenelo zinawathandiza.