Kafukufuku wa Sabina ku Kande

Sabina anali m'chaka chachitatu cha saikoloje ku yunivesite pamene mphunzitsi wa njira za kafukufuku, Dokotala Mhone, anatuma kalasi yonse kukaonerera khalidwe la anthu kumidzi.

"Anthuwo asadziwe kuti mukuwaona," anatero a dokotala. "Akadziwa amasintha."

Sabina anasankha kufufuza mikangano ya m'banja, ndipo malo sanachite kufunafuna. Kwawo ku Kande kunali a Zakeyu, msodzi woyandikana ndi azakhali ake a Belita, amene akayamba kukalipira mkazi wawo ngakhale agalu ankasamuka.

Atafika anawanong'oneza azakhaliwo za kafukufukuyo, n'kuwapempha kuti asauze munthu. A Belita analumbira. Lamulungu, nthawi ya zolengeza m'tchalitchi, anaimirira n'kuthokoza Mulungu kuti mwana wa mchimwene wawo wabwera "kudzayeza mitu ya amuna aukali."

Mawa lake Sabina anakhala pansi pa mtengo wa mango kudikira mkangano. A Zakeyu anatulukira atasenza dengu la chinangwa, mkazi wawo akutsatira chimanjamanja.

"Ama, mwatopa," anatero a Zakeyu mokweza, diso lili kumango. "Pumulani, ndisinja ndine."

Anasinja mpaka manja kutuluka matuza. Amuna ena anayamba kutunga madzi. Wina anaoneka pamsika atabereka mwana chozondoka pang'ono.

Sabina anaimbira a dokotala misozi ili m'maso. "Bwana, palibe akukangana. Ndikuona ngati adziwa."

"Ngakhale mmodzi?" A dokotala anaseka mokondwa. "Zotsatira ndiye zimenezo! Zakuti adziwazo uzisiye. Amadya chiyani kumeneko?"

"Kondowole."

"Lemba zimenezo."

Tsiku lobwerera, mkazi wa a Zakeyu anamuperekeza mpaka pamsewu, n'kumugwira dzanja asanakwere minibasi. Mayiyo anali atanenepa masaya.

"Mwana wanga, sukulu imeneyi yatha msanga," anatero. "Digiri yachiwiri kulibe? Ukaipemphe. Ife tikusunga."

Sabina anangothokoza kuti yewu, n'kukwera.

Patapita miyezi, a dokotala anakayankhula pamsonkhano wa akatswiri m'hotela ina ku Lilongwe, mutu wake ubale wa kondowole ndi mtendere wa m'banja. Anthu anaomba m'manja, mzungu wina anafunsa ngati ufawo ungatumizidwe kunja. Dzina la Sabina linali pansi penipeni pa pepala la kafukufukuyo, m'tizilembo tating'ono kwambiri. Anzake anamuuza kuti akadandaule. Iye analiyang'ana dzinalo, n'kufunsa ngati n'kotheka kulichepetsanso.