Nandolo wa a Fanuel

"Amene akuti a Fanuel achoke m'gulu, akweze dzanja," anatero a Yakobo, wapampando wathu.

Manja anakwera onse, kupatula langa. Tinali alimi makumi atatu a kufupi ndi Chonde, olima nandolo wopanda feteleza kapena mankhwala a kusitolo. Wogula wa ku Blantyre anali atabweza matumba athu onse, ati atayeza anapezamo mankhwala. Popeza tinasakaniza zokolola, wolakwa sanadziwike. Koma a Fanuel anagwira ntchito yopopera ku esiteti ya tiyi zaka makumi awiri, ndiye anthu anafuniranji umboni wina?

"Abale, ine sipuleya ndinaisiya kalekale," anatero mkuluyo, chipewa chili m'manja. "Pitani mukanunkhize munda wanga."

"Fisi sasintha mawanga, madala," wina anakuwa kumbuyo, anthu n'kuseka.

Ine ndinkadziwa kumene mankhwalawo anachokera. Mbozi zitagwa nandolo ali pa maluwa, ndinasinja masamba a nimu monga anatiphunzitsira. Koma kuwaza ndi tsache munda wonse, msana wake uti? Ndinabwereka sipuleya ya mlamu wanga Bryson, yomwe amapoperera mankhwala pa tomato wake. Ndinaitsuka kamodzi kokha, chifukwa pamjigo panali mzere. Ndine mkazi wapakamwa, pamsonkhano sindisowa chonena, koma tsiku limenelo mantha anandimanga lilime. Kunja kwa gulu, ana anga ndikanawadyetsa chiyani?

Patatha milungu iwiri ndinawapeza a Fanuel pamsika wa Chonde, akugulitsa nandolo wawo kwa mavenda pa mtengo wongotaya. Ndinafuna kuwazemba, koma anali atandiona kale.

"Estele, mwanawe, tabwera kuno."

Ndinasendera pafupi.

"Iwe wekha sunandikwezere dzanja. Ndakalamba, koma maso alipo." Anatapa nandolo wodzaza manja awiri n'kundithirira pansonga ya chitenje. "Mbewu iyi inachoka ku Milanje, kutsidya kwa malire, ndi mayi anga, sinalaweko mankhwala. Kaidzale m'munda mwako, isathere kwa mavenda."

"Bambo, ine..."

"Usathokoze. Pita, basi ikusiya."

Ndinapitadi, manyazi ali thoo. Chaka chotsatira wogula anabwerera, gulu linakula, ena tinafolera nyumba ndi malata. A Fanuel amapalira maganyu m'minda ya anzawo.

Mbewu ija ndinaithira m'chitini, ili pansi pa bedi. Dzinja lachitatu lino sindinaidzale. Dzulo nditatsegula, ndinapeza yayamba kufumbwa.