Mapazi Makumi Asanu

Gulu lathu lokwera phiri la Hakkoda m'nyengo yachisanu lili ndi lamulo limodzi losalembedwa paliponse. Chipale chofewa chikagwa chambiri, amene amavutika ndi wapatsogolo, chifukwa matabwa otsetserekera amene wavala kumapazi amatitimira mpaka m'mawondo, ndipo ndiye amapondera anzake njira. Choncho aliyense amatsogola mapazi makumi asanu, n'kupatuka, n'kupita kumbuyo kwa mzere. Wolephera kukwanitsa amabwerera kukanyumba kamene timagonamo m'munsi mwa phirilo, ndipo sakweranso ndi gulu. Lamuloli analiika ndi bambo anga, ine ndisanabadwe.

Chaka chimenecho bambo anali atachitidwa opaleshoni ya mapapo. Dokotala anawalola kuyenda, koma za phiri sanatchule, nawonso sanafunse.

M'kanyumbamo tinali anayi: bambo, ine, a Kasai amene amakonza mabasi kwathu ku Aomori, ndi mayi Tsushima, mtsogoleri wathu. M'mawa tikumwa msuzi wa soya wotchedwa miso pafupi ndi mbaula, a Kasai anayamba zawo.

"Mdala, kodi mapapo anakusiyirako angati?"

"Limodzi ndi theka," anatero bambo. "Koma likuposa ako awiri afodyawo."

Anaseka onse. Ine ndinangoyang'ana zala za bambo pamene ankamata zikopa kunsi kwa matabwa awo kuti asaterereke chambuyo pokwera. Chikopa chinawapulumuka kawiri.

Kuwerenga mapazi mokweza ndi ntchito ya wamng'ono pagulu. Inandiyenera, chifukwa ndiko kulankhula kokha kumene ndimatha pamaso pa anthu popanda kuuma pakamwa. Kusekondale aphunzitsi ena anafika pomaliza chaka asakudziwa mawu anga.

Tinanyamuka. Chipale chinali chitagwa masiku awiri, mitengo itafunda mpaka kumutu. Mayi Tsushima anatsogola awo makumi asanu, a Kasai awo, ine anga. Bambo atalowa patsogolo, ndinali kumbuyo kwenikweni, komabe mpweya wawo ndinkaumva, ukulira ngati chitseko chosowa mafuta. Ulendo woyamba anakwanitsa. Wachiwiri anakwanitsanso, koma popatuka anatsamira ndodo zawo nthawi yaitali, akunamizira kukonza magolovesi.

Ulendo wachitatu, atafika pa makumi awiri ndi anayi, anaima. Phazi linakwera pang'ono, n'kubwerera pomwepo. Kenaka anaponda, ndipo pakamwa panga panatuluka makumi anayi ndi limodzi m'malo mwa makumi awiri ndi asanu. Sindinakonzekere. Ndinangopitiriza kuchokera pamenepo mpaka makumi asanu.

Palibe anacheuka. Koma a Kasai atatsogola, ndinafika pa makumi asanu iwo osapatuka. Ndinabwereza mokweza. Anati chipewa chawatseka makutu, ndilankhule ngati munthu wadya, ndipo anapitirira mapazi ena ambiri. Mayi Tsushima nawo anayamba kupumitsa gulu pafupipafupi, ati akuona mapu, chonsecho phirilo amalidziwa kuposa khitchini yawo. Ndinadumpha manambala maulendo ena awiri. Aliyense ankanama mwa njira yake, maso ali pansi.

Titafika pampata wa pakati pa nsonga ziwiri, pamene mphepo imayambira, bambo anakhala pachikwama chawo. Anatulutsa mpunga woumba umene anausunga m'malaya kuti usaume ndi chisanu, anaunyema, n'kundipatsa gawo lalikulu.

"Kaho," anatero, "makumi atatu ndi anayi. Kenaka makumi atatu. Komaliza makumi awiri ndi asanu ndi atatu."

Anali mapazi enieni amene anaponda pamaulendo atatu aja.

"Anakuphunzitsa kuwerenga ndani? Si ine, pamasitepe a kwa agogo ako? Ukuyesa ndinasiya?"

A Kasai anati mwanayo asadzudzulidwe, mphepo ndiyo imameza manambala, ndipo nsonga yatsala pafupi, akhoza kuwakankha bambo kumsana ngati basi yakufa batire. Bambo anaseka mpaka kutsokomola. Atapeza mpweya anati lamulo analiika chaka chimene mnzawo wina anabisa kutopa mpaka kugwa patali ndi thandizo, ndipo sangalithyole iwo eni chifukwa choti lero lawagwera. Mayi Tsushima sanawatsutse. Anangovula chipewa pamphepo ponsepo, n'kuwerama pamaso pawo. A Kasai anatembenuka, akuti magalasi awo achita nthunzi.

Munthu satsika yekha, choncho ndinabwerera nawo. Tinamatula zikopa, tinazipinda. Ndinkafuna kupepesa, koma mawu anakana monga mwa masiku onse. Ndinangowamangira lamba wa chikwama amene anali atamasuka.

"Potsika palibe zowerenga," anatero. "Nditsogola ine. Uponde m'mene ndapondamo."

Anadzikankha ndi ndodo. Munthu amene ankalephera kukweza phazi uja anatsetsereka pakati pa mitengo mopepuka, akukhotera uku ndi uku, chipale chikufuka mpaka m'chiuno. Sanaime ngakhale kamodzi. Ndinatsata mzere wawo, ndipo ndinagwa kawiri poyesa kukhota pamene iwo anakhota.

Ndinawapeza pakhomo la kanyumba akukutumula matabwa, akupuma movutika koma nkhope ili ngwee. Anandituma nkhuni. Pamene ndinkakoleza mbaula, anati chaka chamawa adzabwerabe, azidzasamala moto ndi msuzi, chifukwa wa a Kasai ndi madzi otsukira mbale. Anati pamzere ndidzalowe pamalo pawo.

"Koma uziwerenga zoona," anatero. "Ngakhale atakhala Kasai. Makamaka Kasai."

Ndinavomera ndi mutu. Kenaka ndinaona kuti akudikira, ndipo ndinayankha ndi mawu.