Anasesa Mchenga wa Maleo

Nurhaeda atatsika panjinga yamoto anangoti kakasi. Gombe lonse linali see, ngati bwalo la mzikiti tsiku la Idi.

Pamchenga umenewu ndi pamene mbalame za maleo zimakumba maenje n'kukwirira mazira kuti dzuwa liwafungatire. Zatsala zochepa, ndipo lamulo limati a boma akapeza kuti zimaswana pamalo, ntchito iliyonse yofuna malowo ipite kwina. Kampani ya mgodi inkafuna kumanga doko pomwepo. Zaka zonsezi Nurhaeda ankalimbana ndi agalu ndi akuba mazira, kudikira tsiku loti a boma adzaone okha maenjewo. Tsikulo linafika iye ali kuchipatala cha m'tauni, komwe mwana wake ankabereka.

"Mwachedwa, alamu! Alendo angonyamuka kumene," anatero Rusdin, mng'ono wa malemu mwamuna wake, ali m'malaya ake apaphwando a nsalu ya batiki, mano onse pamtunda.

"Maenje aja ali kuti?"

"Tinakwirira. Mudzi wonse unatuluka Lachisanu ndi makasu ndi matsache. Mumafuna akuluakulu athyoke miyendo? Nthenga ndi zitosi zinali mbwee. Tikanachita manyazi!"

N'zoona, kwathu kuno mlendo safikira pabwalo losasesa. Koma uchitsiru winawu, abale, umaposa msinkhu wa mwini wake.

"Ndiye aona chiyani?"

"Ajambula paliponse. Mayi wamkulu wa gulu la a bomalo wati sanaonepo gombe laukhondo chonchi. Tinawamangira tenti, adya mpunga ndi nsomba yootcha mpaka kuwonjezera."

"Sindikufunsa za mimba zawo! Za maleo anena chiyani?"

Rusdin anakanda kumutu. "Akuti palibe chosonyeza kuti mbalame zimaswana pano. Atumiza kale lipoti kulikulu. Ndinawauza kuti zilipo, koma akuti lamulo limafuna zooneka, osati zongomva."

Nurhaeda anapsa mtima. "Akuba mazira ankabako limodzilimodzi. Inu mwapha zonse ndi tsache! Mutu wanuwo ndi wongoikapo chipewa basi?"

"Nanga ndikanadziwa bwanji, alamu? Timangofuna ulemu."

Nurhaeda analunjika patenti paja, pakati penipeni pomwe maenje ankachuluka, n'kugwedeza nsungwi ya tentiyo imene inazikidwa kwambiri mpaka kuizula. Kunsonga kwake kunali konyowa, kukununkha. Anagwada n'kuyamba kufukula ndi manja, mchenga ukumuthira kumaso, amayi otsuka mbale ataima kumuyang'ana.

Anatulutsa dzira lodzaza manja onse awiri, lobooledwa pakati. M'katimo munali kamwana kanthenga kale, kongotsala pang'ono kutuluka.

Anagwira dzanja la Rusdin n'kumuikamo dziralo, madzi ake akuyenderera mpaka pamalaya.

"Zooneka ndi zimenezi," anatero. "Litsukeni kaye bwinobwino, alamu, musakachite nalo manyazi."