Azamba pa Miyala ya Marna

Akhristu anatentha kachisi wa Marna, mulungu wathu wa mvula, m'chaka cha 462 pa kawerengedwe kathu ka ku Gaza, nthawi yokolola tirigu. Asilikali a mfumu analipo kuti wina asazime motowo. Mabuku amene anatolera m'nyumba zathu anawatentheranso pabwalo. Chimene chinatiumitsa pakamwa chinadza pambuyo pake. Atamanga tchalitchi paphulusapo, anatenga miyala yoyera ya m'chipinda chamkati, mmene mkazi sanapondemo chimangireni kachisiyo, n'kuiyala mumsewu kuti aziyendapo aliyense, agalu ndi nkhumba zomwe.

Mayi anga, a Malitake, anali azamba. Chiyalireni miyalayo ankazungulira njira ya kumsika wa nsomba. Koma mlongo wanga Ausa anakwatiwa ndi Zonaino, Mkhristu wogulitsa vinyo, ndipo nyumba yawo inali ndi khomo limodzi, lotulukira pamiyala yomweyo.

Mimba ya Ausa inawawa m'chaka cha 468, masana, anthu ali pikitipikiti. Mwana anali atapingasa. Ndinaperekeza mayi, ndipo titafika pamene dothi limathera, anaima.

Zonaino anatulukira akuthamanga. "Apongozi, fulumirani! Mwaimiranji?"

"Pamenepa sindiponda, bambo."

"Ndi miyala chabe iyi! Dzulo bulu wanga wakodzapo, kodi wafa?"

"Bulu wanuyo ndiye akamubereketse," anatero mayi. "Ine ndikaponda, manja angawa adetsedwa. Ndikagwira nawo mwana wa yani?"

Ndinati ndiwabereke kumsana. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Iwe, ndiye ndikwere pamwamba pa Marna?"

Kulira kwa Ausa kunkamveka tsidya lonse la msewu. Mkazi wina wogulitsa nkhuyu anaseka n'kufuula kuti, "Itanani mulungu wanuyo adzakunyamuleni, gogo!" Mayi sanacheuke.

Zonaino anagwada, munthu amene ananyamula nawo phula loyatsira moto tsiku limene anatentha kachisi. "Amayi, ndagwira mwendo wanu. Afa."

"Mubweretseni kuno kudothi."

Tinathamangira m'nyumba awiriwiri, n'kumuika Ausa pamkeka. Tinatuluka naye, ine kumiyendo, Zonaino kumutu. Tili pakati pa msewu mkeka unang'ambika. Tinamutsitsa pansi, ndipo magazi anayamba kuyenderera pamwala waukulu wokhala ndi mzere wofiirira, umene ndinamva kwa ansembe kuti unkakhala patsinde pa mpando wa mulunguyo.

Ngakhale wa nkhuyu uja anagwira pakamwa.

Sindinaone pamene mayi anadutsira. Ndinangowapeza atagwada pamwalapo, mikono ili magazi mpaka m'zigongono, akukalipira akazi kuti atchinge ndi nsalu zawo. Akazi anatchinga, Akhristu ndi athu omwe. Ife amuna anatithamangitsa.

Mwana analira dzuwa lisanapendeke. Anali wamkazi. Ausa anakhala moyo.

Nsalu zitachotsedwa, mayi anali chikhalire pamwalapo akuyang'ana mapazi awo. Zonaino anawabweretsera madzi m'mbiya kuti asambe m'manja. Iwo analandira mbiyayo, natsanulira madzi onse pamwala, n'kuyamba kupukuta ndi mpango wa kumutu kwawo. Zonaino anatembenuka n'kukatunga madzi ena.