Wezulo Yochokera ku Joni

Hamilton atatsika sitima pachilumba cha Likoma pobwera kuchokera ku Joni mu 1949, sanayambe wapita kwawo. Analunjika kumudzi wa Mbungo, napeza Evelina akuvuula chinangwa, ndipo anamupatsira wezulo ya mkuwa yokutidwa m'kansalu.

"Pepani mlamu. Munthu wina wa ku Nkhata Bay anandipatsa iyi pa sitesheni. Akuti Oswald wa ku Likoma mgodi unamugwera."

Oswald, mwamuna wa Evelina, anachokadi pachilumba ndi wezulo ya malemu atate ake. Abale sanafunsenso zambiri. Anagwirizana kuti mawa lake akauze abambo wansembe za Misa ya maliro, wezuloyo aikwirire m'malo mwa mtembo, kenaka Evelina ametedwe.

Koma Evelina anaitembenuza m'manja, mtima osavomera. Inali yakuda bii ndi dothi, ndipo iye sankakumbuka bwino maonekedwe a wezulo ya apongozi ake. Anaimanga m'nsonga ya chitenje nayenda mpaka ku Chipyela kwa a Ambrose, amene anagwira ntchito pa sitima ya mishoni mpaka kukalamba. Mkuluyu ankasunga mawezulo osiyanasiyana, ali lende pa msomali, ndipo akazi awo ankati nyumba yasanduka polisi.

"Khala pansi, mwanawe," anatero a Ambrose. "Mayi, tapatseni ndimu ndi phulusa."

"Mwayambapo," anayankha akazi awo. "Mbale zanga simunatsukepo n'kamodzi komwe."

A Ambrose anakwecha pang'onopang'ono mpaka mkuwa unawala. Anaigwedeza pafupi ndi khutu, kanjere kam'kati kanalira.

"Ya apongozi ako ndinaiimbapo ine. Inali yayitali ngati chala, yopanda kanjere, ya nthawi ya nkhondo yoyamba ya Jeremani. Iyi ndi yamimba ngati nkhono. Taona apa, kamuvi aka ndi chizindikiro cha katundu wa asilikali. Chaka nachi, 1943. Mwamuna wako anapitako ku nkhondo?"

"Ayi, agogo. Nthawi yonseyo anali ku mgodi."

"Sindikuti ali moyo, ine si mlosi. Ndikungoti iyi si imene anachoka nayo."

Evelina ankafuna kuseka, koma akazi a Ambrose anali atagwira pakamwa.

"Kodi mwana wa a Yoswa ku Yofu, uja anabwera kuchokera ku nkhondo ku Burma n'kupitanso ku Joni, sanabatizidwe Oswald nayenso?" anafunsa mayiwo.

Evelina ankamudziwa Elsie, mkazi wa Oswald winayo. Ankaimba limodzi m'kwaya, ndipo Elsieyo anali ndi mwana wakhanda.

"Ndikauze a Yoswa ndine," anatero a Ambrose, akufunafuna ndodo. "Uthenga wotere sapereka mkazi yekha."

"Ndipita nanu," anatero Evelina. "Elsie adzafuna womugwira."

Anatuma mnansi ku Mbungo kukanena kuti lumo alisunge, ndipo awiriwo analowa njira ya ku Yofu.